Kujambula pagombe nthawi ya mwera

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umawomba mwamphamvu ku Senga Bay, ndipo unkandiulutsira mapepala ndikamajambula mabwato a asodzi. Chinkandipweteka mtima kwambiri ndi mchenga womatirira pa penti wosauma.

Ndinasiya choimikira cha miyendo itatu chifukwa sichichedwa kugwa. Ndinapeza kathabwa kopepuka, n'kupanikiza pepala m'ngodya zonse zinayi ndi mapegisi oyanikira zovala, m'munsi n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Tsopano ndimakhala pansi kuseri kwa bwato lokokeredwa kumtunda, mphepo ili kumbuyo, kathabwako kali pamaondo.

Mchengawo musaupukute penti akadali wonyowa, umakanda chithunzi. Ine ndimadikira aume kaye, kenako ndimausasa ndi burashi youma. Mapepala ndimagwiritsa aang'ono, mphepo siiwanyamula msanga.