Pulinta ya Parallel Port Ikakana Kusindikiza pa Linux

M'maofesi ndi m'mashopu ena muno mu Zomba mukadali mapulinta akale a singano monga Epson LX-300, olumikizidwa ku kompyuta kudzera pa doko lakale lotchedwa parallel port, chifukwa amamenya risiti ya mapepala awiri kapena atatu a kaboni nthawi imodzi. Pulinta yotere ikangoti zii pa Ubuntu kapena Debian (mitundu ya Linux), ambiri amathamangira kufufuta driver (pulogalamu yothandiza kompyuta kulankhulana ndi pulinta) n'kuikanso. Kumeneko n'kutaya nthawi. Yambani ndi chingwe, mubwere ku BIOS (menyu ya motherboard yomwe mumalowamo poyatsa kompyuta), kenako kernel (chimake cha Linux). CUPS (pulogalamu yoyendetsa zosindikiza pa Linux) ndi driver muziona pomaliza.

Musanazule chingwe, zimitsani kompyuta ndi pulinta yomwe. Parallel port si USB, mukaizula magetsi ali mkati mutha kuiwotcha. Mbali yolowa ku kompyuta ili ndi mapini 25, ya ku pulinta ili ndi timano 36 ndipo imagwidwa ndi tiwaya tiwiri tam'mbali. Onani ngati pali pini yopindika, kapena dzimbiri lomwe chinyezi cha nyengo ya mvula kuno kumunsi kwa phiri chimabweretsa. Chingwe wamba chikapitirira mamita atatu chimatha kusokoneza zilembo. Cholembedwa IEEE 1284 ndicho chodalirika.

Mu BIOS, parallel port ikhale pa Enabled, adilesi 378, IRQ 7. Pa mode pali SPP, EPP ndi ECP. Pulinta ya singano imayenda bwino pa SPP, ndiye ngati ECP ikuvuta, bwererani komweko. Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira: ngati zonse zimasokonekera magetsi akathima, ndipo kompyuta ikuonetsanso deti yolakwika, batire ya CR2032 ya pa motherboard yatha, BIOS ikuiwala zomwe munasankha. Sinthani batireyo basi.

Mukalowa mu Linux, tsegulani terminal mulembe:

sudo dmesg | grep -i parport

Mukuyembekezera mzere wonena parport0 pa 0x378, ndi wina woti lp0 ikugwiritsa ntchito parport0. Ngati palibe, dzutsani ma module (tizigawo ta kernel) awiri awa:

sudo modprobe parport_pc
sudo modprobe lp

Tsopano ls -l /dev/lp0 ionetse fayiloyo, gulu lake likhale lp. Ikaoneka, lembani mawu oti lp mu fayilo /etc/modules-load.d/lp.conf kuti izidzuka yokha poyatsa kompyuta. Amene parallel port yanu ili pa khadi ya PCI yochita kuzika pa motherboard, adilesi yake siikhala 378. Ipezeni ndi lspci -v, chotsani lp ndi parport_pc ndi modprobe -r, kenako mudzutse parport_pc mutawonjezera io= ndi adilesiyo, komanso irq=none, pomaliza mudzutsenso lp.

Mayeso amene amadula nkhani ndi awa, otumiza mawu ku pulinta osadzera ku CUPS:

printf "Moni\r\n\f" | sudo tee /dev/lp0

Pepala likatuluka ndi Moni, chingwe, BIOS ndi kernel zili bwino, vuto lili pamwamba. Terminal ikangoima osabwerera, pulinta ikuuza kompyuta kuti sinakonzeke: mwina ili pa Pause, mwina pepala latha, mwinanso chingwe chaduka mkati. Koma samalani, mapulinta ena otchipa a GDI, opangidwira Windows, samva mawu wamba otere, choncho kukhala chete kwawo sikutanthauza kuti afa. Omva zilankhulo za mapulinta za ESC/P (monga LX-300) kapena PCL amayankha.

Ku CUPS, lpinfo -v itchule parallel:/dev/lp0. Ikapanda kutero pamene /dev/lp0 ilipo, ikani phukusi la cups-filters, chifukwa backend ya parallel, kachigawo komwe CUPS imatumizira ntchito ku parallel port, imabwera m'menemo. Onjezani pulinta pa localhost:631 mu browser. Lamulo la lpstat -t likati pulinta ili disabled, CUPS inaiimitsa yokha ntchito ina italephera, mwina tsiku lomwe magetsi anathima ili mkati mosindikiza. Chotsani ntchito zakale ndi cancel -a, muidzutse ndi cupsenable ndi dzina lake. Zikakanikabe, cupsctl --debug-logging imachititsa kuti chifukwa chilembedwe mu /var/log/cups/error_log.

Mapepala ambirimbiri otuluka ndi zizindikiro zosamveka, apo ndiye driver walakwikadi, mwachitsanzo chilankhulo cha PostScript chotumizidwa ku pulinta yomva ESC/P yokha. Kwa LX-300 sankhani wa Epson wa singano 9 (9-pin). Mizere yotsetsereka ngati masitepe imabwera pamene fayilo ili ndi LF yokha (chizindikiro chotsikira mzere wina) popanda CR (chobwerera koyambira mzere); yatsani Auto CR pa pulinta ngati ili nayo, apo ayi dutsitsani fayiloyo mu unix2dos.

Ngati mukugwiritsa ntchito chingwe chosintha USB kukhala parallel, za BIOS ndi parport zija sizikukhudzani. Linux imachiona ngati pulinta ya USB, module yake ndi usblp, ndipo mayeso a Moni aja muwatumize ku /dev/usb/lp0.