Mmene mungapangire munthu wanuwanu mu gemu osangokopera build ya pa YouTube

Anyamata ambiri amene timasewera nawo kuno ku Ulongwe akamayamba gemu ya Skyrim amalumbira kuti ulendo uno akhala wamatsenga kapena msilikali wa chishango. Pofika ku Whiterun, mzinda wa koyambirira kwa gemuyo, uta uli kale m'manja, akunyang'ama mumdima. Ine sindiwadzudzula, chifukwa gemuyo ndi imene imawakokera kumeneko. Muvi woponyedwa mdani asanakuone umapweteka kawiri, ndipo ukatenga perk (luso lapadera limene umasankha munthu wako akamakwera) ya Deadly Aim umapweteka katatu. Nambala zotere zimaoneka ndi maso nthawi yomweyo, pamene nkhani ya munthu wako palibe pamene imalembedwa pa sikirini.

Kwathu kuno pali zifukwa zinanso. Mayunitsi a magetsi a Credelec ndi ogula, laputopu nthawi zambiri ndi yobwerekana ndi achimwene, ndiye kuphedwa kambirimbiri ndi bwana (mdani wamkulu wa mu gemu) mmodzimodzi kumawawa. Munthu amaona kuti bola awononge ma megas pang'ono, aonere vidiyo ya build yamphamvu (kasankhidwe ka maluso ndi zida za munthu wa mu gemu), athane nazo. China ndi chinenero. Skyrim inatuluka mu 2011 ndipo eni ake sanaikemo Chipwitikizi, choncho amene Chingerezi chimamuvuta amangodumpha zokambirana. Ukadumpha zokambirana, chotsala ndi kumenya basi, ndipo pomenya wopambana ndi wa nambala zazikulu.

Komabe kukopera build yonse kuli ngati kusewera bawo wina ataima kumbuyo kwako akukuuza dzenje lililonse loti utape. Upambana ndithu, koma masewerowo sanali ako. Njira imene ine ndimatsata ndi iyi.

Musanatsegule gemu, tengani kope mulembe zinthu zitatu za munthu wanu: anachokera kuti, akufuna chiyani, ndi chinthu chimodzi chimene sangachite ngakhale zitavuta bwanji. Chachitatuchi ndiye chofunika kwambiri. Wanga wa mu Skyrim ndi mayi wa ku Rorikstead, mudzi wa alimi. Akufuna ndalama zogulira nyumba, ndipo saba. Mawu amodzi okhawo, "saba", anasintha gemu yonse. Nditafika pa msika wa ku Riften, mbala ina yotchedwa Brynjolf inandipempha kuti ndibe mphete ya wamalonda wina ndiike m'thumba la mnzake. Ndinakana, ndipo Thieves Guild yonse, gulu lake la akuba, ndi zovala zake zabwino zinandidutsa. M'masitolo ndimaona mankhwala ali pa shelufu, mwini wake atatembenuka, mawu oti "Steal" (iba) akuoneka ofiira, ine n'kudutsa. Tsiku limene ndinalipira nyumba ya Breezehome ndi golide 5,000 wopeza ndi thukuta, ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo ndi munthu wina aliyense amene ndinamupangapo.

Mukaika malirewo, mkati mwake limbitsani munthu wanu mmene mungathere. Apa ndi pamene anzanga ena amasokonezeka, amaganiza kuti kusewera nkhani ndiye kukhala wofooka. Ayi. Mayi wa ku Rorikstead uja anazolowera nkhwangwa yowazira nkhuni, ndiye ndinamupatsa nkhwangwa yankhondo ya manja awiri, zovala zachitsulo zolemera, ndi luso losula. Imeneyo ndi build yolimba kwambiri, kungoti inachokera kwa iyeyo. Funso lolifunsa pa perk iliyonse ndi lakuti: kodi munthu ameneyu akanaphunzira zimenezi? Ngati yankho ndi inde, tengani yamphamvu kuposa zonse osachita manyazi. Ndipo pali nambala zina zimene sizikhudza nkhani n'komwe. Mu gemu ya Elden Ring, kaya ndinu wansembe kaya wa lupanga, kwezani Vigor, nambala ya moyo, mpaka cha pa 40. Palibe khalidwe la munthu limene limaonongeka chifukwa choti ali ndi moyo wambiri.

Kenako yang'anani mlingo wa kuvuta kwa gemu. Pa Legendary, mlingo wovuta kuposa yonse mu Skyrim, adani amakupwetekani katatu pamene inu mumangopweteka gawo limodzi mwa magawo anayi. Pamenepo gemu yakukakamizani kale kutsata build zochepa zokha zimene zimapirira. Siyani pa Adept, mlingo wapakati. Mu Baldur's Gate 3 yambani pa Balanced, Tactician mudzaipeza ulendo wina. Elden Ring ilibe poti musinthe zimenezi, koma ili ndi Spirit Ashes, mizimu yoitana kuti ikuthandizeni, ndipo inaikidwamo kuti izigwiritsidwa ntchito. Wina akakusekani kuti mukusewera zachibwana, musiyeni, mayunitsi akuthawo si ake.

Mantha olakwitsa ndi amene amathamangitsira anthu ambiri ku YouTube, pamene magemu atsopano anachepetsa kale vutoli. Mu Baldur's Gate 3, munthu wa mu gemu wotchedwa Withers amakulolani kusintha class (ngati ndinu wamatsenga kapena msilikali) ndi maluso anu ndi golide 100 yekha. Mu Elden Ring mukagonjetsa bwana wotchedwa Rennala ku Raya Lucaria, mumam'patsa chinthu chotchedwa Larval Tear n'kugawanso mapointi anu. Ndiye yesani zanu kaye. Vidiyo muitsegule pokhapokha mwakanirira penapake, ndipo mufufuze za bwana amene wakuvutaniyo, osati build yatsopano.

Chovuta kwambiri kuchisiya ndi chizolowezi chobwerera pa save, pamene munasungira gemu. Mu Baldur's Gate 3 mumaponya dayisi ya mbali 20 pofuna kunyengerera munthu, ikagwa molakwika chala chimathamangira kobwerera. Chigwireni chalacho. A Larian, amene anapanga gemuyo, analemba zochitika za amene walephera, ndipo zina mwa izo ndi zokoma kuposa za wopambana: mlonda wakana, nkhondo yabuka, mnzanu wa m'gulu wakwiya nanu. Lamulo langa ndi lakuti ndimabwerera pokhapokha gulu lonse lafa kapena magetsi azima. Ndipo poti Baldur's Gate 3 komanso Elden Ring zili ndi mawu olembedwa m'Chipwitikizi cha ku Brazil, lowani mu settings musinthe chinenero, muziwerenga zimene anthu akukuuzani musanayankhe.

Pa kusewera ndi anzanu pokha m'pofunika kusamala. Mukalowa anthu anayi mu Baldur's Gate 3, wina akufuna kumva mawu aliwonse, wina akufuna kuthamangira nkhondo, mudzakangana musanachoke m'chigawo choyamba. Gwirizanani musanayambe: ndani azilankhulira gulu, ndani azichiritsa ovulala, ndipo kodi kuba ndi kupha anthu osalakwa n'kololedwa kapena ayi. Aliyense awerengere anzake zinthu zitatu zimene analemba m'kope mwake, ndipo amene build yake ndi yamphamvu kuposa onse avomere kudikira kuti zokambirana zithe asanasolole lupanga.