Kayezedwe ka Matransistor a Mphamvu Musanaike Atsopano

Amplifier ikangokhala chete fyuzi nkumapsa nthawi iliyonse yomwe mwayatsa, kawirikawiri vuto limakhala pa matransistor aakulu omangidwa pa heatsink, chitsulo chotaya kutentha. Ambiri amangozula opsawo, kuthamangira ku Limbe kukagula ena, kuikamo, kuyatsa, utsi nkutulukanso. Transistor ya mphamvu siipsa yokha popanda choipsetsa, ndipo ikamafa imatenga ndi anzake. Choncho ntchito ndi ziwiri, kudziwa yomwe yafa ndi kupeza chomwe chayipha.

Yambani ndi kuzula pulagi pakhoma. Makapasita aakulu a mu power supply amasunga magetsi ngakhale mwazimitsa, ndiye ikani resistor ya 1k ya 5W pa miyendo yake kwa kanthawi, kenako yezani ndi mita yoyezera magetsi (multimeter) kuti muone kuti atsika kufika pafupi ndi 0V. Osagunditsa miyendoyo ndi screwdriver, mumawononga kapasita ndi njira za pa bodi.

Transistor iyezedwe itachotsedwa pa bodi, kapena mutasungunula miyendo iwiri kuti isakhudze kalikonse. Ikakhala pamalo pake, mita imawerenganso maresistor ndi makoyilo oizungulira nkukunamizani.

Ikani mita pa chizindikiro cha diode. Titenge transistor ya mtundu wa NPN monga TIP41C, 2SC5200 kapena 2N3055. Pa TIP41C ndi 2SC5200, mukayang'anizana ndi zolembedwa miyendo italoza pansi, kumanzere ndi base, pakati collector, kumanja emitter. Pa 2N3055 miyendo ndi iwiri yokha chifukwa chitsulo chake chonsecho ndicho collector. Chingwe chofiira chikhale pa base, chakuda pa collector: mita ionetse pakati pa 0.5V ndi 0.7V. Sunthirani chakuda pa emitter, nambala ikhale yomweyo kapena kukwererapo pang'ono. Sinthanitsani zingwe, chakuda pa base: konse kuwiri mita ionetse OL, kutanthauza kuti magetsi sakudutsa. Pomaliza yezani pakati pa collector ndi emitter mbali zonse ziwiri, ionetsenso OL. Mukaona 0.00 kapena mita ikalira pamenepa, ndi shoti, tayani. Ngati base ikupereka OL mbali zonse, yaduka mkati. Pa mtundu wina, wa PNP, monga TIP42C kapena 2SA1943 njira ndi yomweyi, kungoti chakuda ndicho chimayambira pa base.

Chenjerani ndi ma Darlington, omwe ndi matransistor awiri m'chikuta chimodzi, monga TIP122. Mkati mwake muli diode pakati pa collector ndi emitter komanso maresistor awiri, kotero mbali imodzi imawerenga ngati diode ngakhale ili bwinobwino. Anthu ataya zabwino zambiri pa chifukwa chimenechi.

Ma inverter omwe ambiri amadalira magetsi akathima amayendera matransistor a mtundu wa MOSFET, monga IRF3205 ya 55V kapena IRFZ44N. Miyendo yake ndi gate, drain, source. Choyamba gunditsani miyendo yonse itatu pa kachitsulo kuti gate itaye magetsi omwe yasunga. Chofiira pa source, chakuda pa drain: 0.4V mpaka 0.6V. Mukasinthanitsa, OL. Tsopano chakuda chikhale pa source, khudzani gate ndi chofiira pang'ono, nkuchisunthira pa drain: nambala itsike kwambiri, kusonyeza kuti yatseguka. Khudzani gate ndi source nthawi imodzi ndi chala, ibwerere pa OL. Mamita ena satulutsa magetsi okwanira kutsegula gate, ndiye ikakana yesani ndi batire la 9V musanaigamule. Pakati pa gate ndi mwendo wina uliwonse pasamadutse kanthu. Mu inverter ma MOSFET amalumikizidwa angapo pamodzi, drain ku drain, source ku source, moti imodzi ikachita shoti onse amaoneka ngati afa. Achotseni, muyeze payokhapayokha.

Mukapeza yakufa, musafulumire. Yezani maresistor a pa emitter, aja oyera a 0.22 ohm 5W, chifukwa amakonda kuduka transistor ikachita shoti. Yezani madriver ang'onoang'ono omwe amadyetsa base, ndi transistor ya bias, yowongolera magetsi ochepa odutsa m'matransistor aakulu pamene palibe mawu, yomwe imakhala itagunda pa heatsink. Pa inverter onani maresistor a pa gate. Yezaninso sipika: kumangirira masipika ambiri pa chanelo imodzi mpaka kutsika pansi pa 4 ohm, monga zimachitikira pa maukwati ndi m'matchalitchi, ndiko kumapha ma amplifier ochuluka. Ngati 2SC5200 yapsa, sinthaninso 2SA1943 inzake ngakhale ikuoneka yamoyo, chifukwa yadutsa m'moto womwewo.

Nkhani ya zabodza njovuta. 2SC5200 yeniyeni ya Toshiba imapirira 230V, 15A ndi 150W. Yachinyengo imakhala ndi kachidutswa kakang'ono ka silikoni mkati, pa mita imakhoza mayeso onse, koma mukakweza voliyumu imaphulika. Zolemba zofufutika ndi chala komanso mtengo wotsika mosayenera ndi zizindikiro zokayikitsa. Ngati mukugula zambiri, phwanyani imodzi muyerekeze kukula kwa kachidutswako ndi ka ija yoyambirira yomwe yapsa.

Pomanga, pukutani heatsink, pakani phala loyera lotaya kutentha mopyapyala, ikani mica, kapepala kotchinga magetsi pakati pa transistor ndi heatsink, ndipo musaiwale kapulasitiki ka pa bawuti pomwe kanalipo. Yezani ndi mita kuti collector sikukhudzana ndi heatsink. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, heatsink yodzaza fumbi kapena fani yoima zimamaliza ntchito yanu m'masiku ochepa.

Kuyatsa koyamba kudzere pa babu la kale la waya mkati, la 60W kapena 100W, lolumikizidwa motsatana ndi waya wa live wa 230V. Mababu a LED sathandiza pa ntchito iyi. Babu likawala kamphindi nkuzirala, zili bwino. Likapitiriza kuwala kwambiri, shoti ikadalipo, zimitsani mufufuzenso. Sipika isalumikizidwe kaye: yezani DC potulukira mawu, ikhale pansi pa 50mV. Kenako yezani pa resistor ya 0.22 ohm; 10mV pamenepo ndi pafupifupi 45mA. Ngati nambalayo ikungokwera amplifier ikamatentha, bwererani ku gawo la bias musanachotse babu.