Loweruka la masese ndi matemba njira ya ku Kachulu

Anzanga a ku Chinamwali, ku Zomba, amandifunsa kawirikawiri kumene ndimasowera Loweruka lina pamwezi. Ndimapita kumunsi, njira ya ku nyanja ya Chilwa, kukamwa masese ndi kudya nsima ya matemba, dzuwa likamalowa ndili pakhomo. Mukafuna kuyesa, mayendedwe ake ndi awa.

Galimoto isiyeni kunyumba, chifukwa mukukamwa. Nyamukani cha m'ma 8 koloko, mukwere pa Matawale pomwe msewu wa ku Jali umapatukira. Kuchokera m'tauni ya Zomba kukafika kudoko la Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo gawo lina ndi msewu wafumbi, n'chifukwa chake ine ndimayenda pakati pa Meyi ndi Okutobala mvula itasiya. Ngati mwatenga njinga yamoto ya kabaza, gwirizanani ndi mwiniwake mtengo ndi nthawi yobwerera musanakwere. Ndalama mutenge zosinthasintha, mutengenso madzi anu akumwa. Ku Chilwa kolera imavuta, madzi a m'nyanja musawayese.

Yambirani kudoko. Mabwato opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira pomwepo, ndipo m'mawa ndi pamene mumapeza matemba, makumba ndi milamba zatsopano. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, inaphwa mu 1995 ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaphwanso, choncho nsomba zikakwera mtengo musakangane ndi asodzi. Gulani ndiwo zanu, kenako funsani wakabaza uja kuti kwaphikidwa mowa kwa yani sabata imeneyo. Iwo amadziwa. Funsani mwaulemu ndi motsitsa mawu, pakuti dera limeneli kuli Asilamu ambiri amene samwa.

Mukafika pakhomo pa mowa, musangolowa. Nenani "Odi", mupatse moni akuluakulu amene mwawapeza mmodzimmodzi, mukhale pomwe akulozerani. Nsomba zija muwapatse mayi a pakhomopo, muwapemphe kuti, "Mayi, tatiphikiraniko nsima ya mgaiwa, tilipira." Ine ndimapemphanso nkhwani wotendera. Idyani kaye musanagwire chipanda. Masese ndi olemera, amakhutitsa ngati phala, ndipo munthu amene wayambira mowa nsima imamukanika, kenako mutu umazungulira dzuwa lili paliwombo.

Tsopano mowawo. Masese amaphikidwa ndi ufa wa chimanga ndi chimera, nthawi zambiri cha mawere, n'kusiyidwa masiku angapo kuti awire. Tsiku limene mwafika ndilo limanena zonse. Akakhala aang'ono amatsekemera ngati thobwa, akapitirira amawawasa mpaka kukwinya nkhope. Abwino ndi apakati, ochita thovu pang'ono pamwamba, onunkhira chimera. Pemphani kulawa musanagule, palibe amene angakukanizeni. Mwini mowa amayamba wamwako yekha pamaso panu, inu dikirani, umenewo ndi mwambo wosonyeza kuti mulibe choipa. Chipanda muchilandire ndi manja awiri, muchitakase pang'ono kuti nsenga zisatsalire pansi, mumwe, mupatsire mnzanu wa pambali. Gulaniko chimodzi cha akuluakulu aja. Nkhani za nyanja, za mpunga wa ku Likangala, za chaka chimene anthu ankayenda pansi kupita ku Chisi, zimayamba pamenepo, ndipo ndi zimene zimandibweretsa kuno mobwerezabwereza.

Wina akatulutsa kachasu, kanani. Mphamvu yake simungaidziwe ndi maso, ndipo kusakaniza ndi masese kumagwetsa ngakhale ozolowera. Mukapeza kuti mudzi wonse sunaphike, pa malo ogulitsira malonda pamakhala Chibuku cha m'paketi, muchigwedeze bwino musanatsegule.

Ikamakwana 3 koloko tsanzikani, muwalipire mayi aja za nsima ndi nkhuni zawo. Wakabaza mumuyang'ane m'maso, ngati naye wamwa funani wina. Ine ndimabwerera nditamangirira kajumbo ka matemba ouma kumbuyo kwa njinga, phiri la Zomba lili patsogolo panga njira yonse mpaka pa Matawale.