Momwe mungayezere batire usiku wonse polamula multimeter pa kompyuta

Chiyambire 2024, madzi atachepa ku Kariba malaiti n'kuyamba kupita maola ambiri, okonza ma inverter muno mu Lusaka amafunsidwa kawirikawiri kuti: kodi batire langali lafa? Kuyeza kamodzi masana sikungayankhe funso limeneli. Pamafunika kuona momwe mphamvu ikutsikira usiku wonse, koma palibe angakhale maso mpaka mbandakucha akulemba manambala. Ntchitoyi ipatseni kompyuta.

Yambani ndi kuyang'ana kumbuyo kwa multimeter yanu, makina oyezera magetsi. Zam'manja zomwe timagula ku Kamwala nthawi zambiri zilibe polumikizira. Ikufunika yapatebulo, monga ya Keysight, Rigol kapena Siglent, yokhala ndi LAN (polumikizira chingwe cha netiweki) kapena USB. Zakale zili ndi polumikizira pa mapini 24 potchedwa GPIB, pomwe pamafuna adaputa. Makina ambiri otere amamva malamulo a SCPI, omwe anakhazikitsidwa mu 1990, ndipo ndi mawu wamba olembedwa.

Lumikizani chingwe cha LAN ku router yomwe kompyuta yanu yalumikizidwako, kenako mu menyu ya makinawo ikani IP (adiresi yawo pa netiweki) yosasintha, mwachitsanzo 192.168.1.50. Musanyozere zimenezi. Router ikazima n'kuyakanso imatha kugawa adiresi ina, pulogalamu yanu n'kumaitana kumene kulibe munthu.

Pa kompyuta ikani Python, chinenero cholembera mapulogalamu, lembani `pip install pyvisa pyvisa-py` kuti muike zida zoyankhulira ndi makinawo, kenako mu Python lembani izi:

```
import pyvisa
rm = pyvisa.ResourceManager("@py")
m = rm.open_resource("TCPIP0::192.168.1.50::INSTR")
print(m.query("*IDN?"))
```

Makina akayankha ndi dzina la kampani, mtundu wake, nambala yake ndi firmware (pulogalamu ya m'kati mwake), ndiye kuti mwamvana. Tumizani `*RST` kuti zomwe wina anasintha dzulo zifufutike, kenako `MEAS:VOLT:DC?`. Yankho limabwera ngati +1.26400000E+01, kutanthauza mavoti 12.64. Bwerezani funsoli mphindi iliyonse ndi `time.sleep`, ndipo nambala iliyonse ilembedwe m'fayilo ya CSV (ya manambala yomwe Excel imatsegula) nthawi yomweyo pamodzi ndi ola lake. Osadikira kusunga zonse m'mawa.

Ambiri amapunthwa pa chizindikiro cha funso. Lamulo lothera ndi ? limabweza yankho, choncho limatumizidwa ndi `query`. Lopanda ? silibweza kanthu, limapita ndi `write`. Mukalitumiza ndi `query`, kompyuta imangodikira mpaka nthawi itatha. Zikavuta musayambe kugwedeza zingwe, afunseni makinawo ndi `SYST:ERR?`. Akati -113, "Undefined header", mwalemba molakwa. SCPI imalola MEAS kapena MEASURE yathunthu, koma MEASU imakana. Ngati mwalumikiza kudzera pa SOCKET, njira ina yolumikizira m'malo mwa INSTR ya mu pulogalamu ija, pomwe makina ambiri amagwiritsa ntchito khomo la 5025 ndipo a Rigol la 5555, lamulo lililonse lithere ndi `\n`.

Chomwe ndimalimbikira kwambiri ndi ichi: multimeter, router ndi laputopu zisadye magetsi a batire lomwe mukuyezalo. Zipatseni UPS (kabatire kosungira magetsi akazima) yakeyake, apo ayi zidzazima pa mphindi yomwe mumafuna kuona.

M'mawa tsegulani fayilo mu Excel mujambule mzere. Batire la asidi la mavoti 12 likadzaza n'kupuma limakhala cha pa 12.6, ndipo ma inverter ambiri amadula cha pa 10.5. Labwino limatsika pang'onopang'ono. Lomwe lagwa msanga likuyatsa mababu ochepa okha latopa, ndipo mzerewo muwaonetse akasitomala musanawauze zogula lina.