Kuzindikira mitundu ya mawu a Chingerezi pogwiritsa ntchito kope limodzi

Ophunzira ambiri kuno ku Chigwa cha Shire amatha kutchula pamtima mitundu 8 ya mawu, kuyambira dzina ndi mneni mpaka mperekezi ndi mfuwu, komabe akapatsidwa chiganizo cha Chingerezi amasokonezeka. Zimandipweteka mtima, chifukwa munthu sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi. Vuto lake ndi lakuti mtundu wa liwu sudziwika poliyang'ana palokha, koma poona ntchito imene likugwira m'chiganizo.

Yambani ndi mawu a zinthu zimene mumaziona tsiku ndi tsiku. M'chiganizo chakuti "The flood destroyed the maize" liwu lakuti "flood" ndi dzina, pakuti latsatira "the", pamene m'chiganizo chakuti "The Shire will flood the gardens" liwu lomwelo lasanduka mneni, pakuti latsatira "will". Yesani chimodzimodzi ndi "fish", "water" ndi "plant".

Kenaka pezani kope, ndipo liwu lililonse mulipatse tsamba lakelake. Lembani liwulo, mtundu wake, tanthauzo lake, komanso chimene limafuna kuti chilitsatire m'chiganizo. Mbali yotsirizayi ndi imene ambiri amaidumpha, chonsecho ndiyo yofunika kwambiri. Ife timangonena kuti tafika ku Bangula, koma Chingerezi chili ndi aneni awiri amene sayenda mofanana. "Reach" amafuna dzina pompopompo, motero timati "We reached Bangula", pamene "arrive" salola dzina popanda mperekezi, motero timati "We arrived at Bangula". Akatswiri a malamulo a chiyankhulo amalemba mwachidule kuti "reach" ndi V wotsatiridwa ndi NP, kutanthauza mneni wotsatiridwa ndi gulu la mawu lotsogozedwa ndi dzina. Nanunso lembani choncho. Pa tsamba la "give" sonyezani kuti pamafunika wopereka, chinthu choperekedwa ndi wolandira. Pa tsamba la "discuss" lembani kuti salandira "about".

Pa mayina, sonyezani ngati dzinalo limawerengeka kapena ayi, popeza "maize" ndi "rice" salandira "a" kapenanso "s" wosonyeza kuchuluka.

Mawu 5 patsiku ndi okwanira, makamaka m'mamawa dzuwa la kuno lisanayambe kuswa mtengo. Loweruka sinthanani makope ndi mnzanu, aliyense apange ziganizo zatsopano potsatira zimene mnzakeyo analemba, ndipo pamene chiganizo chakana, tsegulani mtanthauziramawu n'kukonza tsambalo.