Tackle wathu ankangogwera kutsogolo: mmene ndinakonzera

Ndimathandiza kuphunzitsa mpira wa ku America pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Texas. Gawo langa ndi anyamata 5 a mzere wakutsogolo, otchinjiriza quarterback (woponya mpira wa timu yathu) akamaponya. Tackle wathu wakumanzere (woima kumapeto kwa mzerewo), chimnyamata champhamvu ndithu, ankadutsidwa kawirikawiri. Ankathamangira mdani (wa timu inayo, wofuna kugwetsa quarterback), mutu n'kupitirira zala za kuphazi. Akangomukoka pang'ono, iye khu pansi. Akaona kuti wapitiriridwa amagwira jezi ya mdaniyo, zomwe n'zoletsedwa, basi oyimbira atibweza m'mbuyo mayadi 10.

Ndinamuwonjezera bench press (kukankha chitsulo cholemera utagona chagada), osathandiza. Kukalipa nakonso ayi.

Nditamujambula pa foni cham'mbali, ndinaona kuti vuto lili m'miyendo. Ndiye ndinamulanda manja: anagwira thawulo kumbuyo kwa msana. Mnzake ankayenda uku ndi uku pakati pa makoni (zizindikiro zapulasitiki) awiri otalikirana mayadi 5, iye n'kumamutsatira ndi mapazi okha. Phazi lakunja (lamanzere) limaponda chakumbuyo, lamkati (lamanja) n'kukhwekhwereza kutsatira, mawondo opinda, chifuwa chili chiriri, thupi litatsamira pa phazi lamkati. Apa mpamene panagona nkhani. Wopanda manja akangowerama amapepesuka yekha, osachita kumuuza. Tinachita mphindi 10 tsiku lililonse kwa masabata awiri.

Kenako ndinamubwezera manja. Adikire mdani afike pomwe mkono ungafike, ndiyeno amenye pachifuwa ndi zikhatho zonse ziwiri, zigongono pafupi ndi nthiti, zala zazikulu zitaloza kumwamba. Tinkayesera pa medicine ball (mpira wolemera wochitira masewera olimbitsa thupi). Ku jimu tinaika mtima pa front squat (kunjuta utanyamula chitsulo kutsogolo kwa mapewa), chifukwa imakakamiza msana kuwongoka.

Sindinagule kalikonse, thawulo lija ndinachoka nalo kunyumba.